Ulendo wa madzulo umene sunachitike: lipoti la kugwa kwa mayi wa zaka 81 wosamaliridwa pakhomo

Ndine namwino amene ndinali ndi udindo woyang'anira osamalira odwala m'makomo m'bungwe lina lothandiza okalamba ndi olumala, ndipo lipotili likufotokoza zimene zinachitikira mayi mmodzi wa zaka 81 m'masiku 11, kuchokera pamene anatuluka m'chipatala kufikira usiku umene anagwa n'kuchezera pansi. Mayiwa ndi mwana wawo anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe, ndipo mayina a anthu, a bungwe ndi a chipatala ndawachotsa. Ndinali mmodzi wa anthu atatu amene anafufuza nkhaniyi, ngakhale kuti zina mwa zolakwika zimene tinapeza zinali zanga, ndipo ndi bwino kuti owerenga adziwiretu zimenezi.

Mmene mayiwa analili

Mayiwa ankakhala okha. Zaka ziwiri m'mbuyomo anadwala sitiroko imene inafooketsa mkono ndi mwendo wakumanzere, ndipo madokotala atapeza kuti mtima wawo umagunda mosalongosoka, vuto limene limachititsa kuti magazi aziundana mumtima n'kukatseka mitsempha ya mu ubongo, anawayambitsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kuti sitiroko ina isabwere. Munthu womwa warfarin amayezedwa magazi pafupipafupi pofuna kuona nambala yotchedwa INR, imene imasonyeza kuchedwa kwa magazi kuundana, ndipo kwa wodwala ngati iwowa nambalayo imafunika izikhala pakati pa 2 ndi 3. Yawo inali isanasunthepo kwa chaka chathunthu. Ankayenda m'nyumba ndi chogwirira cha miyendo inayi, munthu mmodzi ali pambali pawo, ndipo ngakhale kuti ankaiwala tinthu ting'onoting'ono, mutu wawo unkagwira bwino ntchito moti zosankha zonse za moyo wawo ankasankha okha. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, ankafika Loweruka n'kubwerera Lamulungu.

Dongosolo lathu la chisamaliro linali ndi maulendo atatu patsiku. M'mawa wosamalira ankakhala mphindi 45 kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwapatsa chakudya, masana mphindi 30, ndipo madzulo mphindi zinanso 30 zowapatsa warfarin, kupita nawo kuchimbudzi ndi kuwagoneka. Kwa miyezi 14 maulendo ambiri ankayenda wosamalira mmodzi yemweyo, mayi wofatsa amene anafika podziwa kuti gogoyu akayankha mofulumira kuti ali bwino ndiye kuti penapake pakuwapweteka. Zinthu ngati zimenezi sizinalembedwe m'dongosolo lililonse, zinali m'mutu mwa munthu mmodzi.

Kenaka mayiwa anadwala matenda a m'chikhodzodzo n'kugonekedwa m'chipatala masiku 6. Anatulutsidwa Lachisanu masana, atapatsidwa co-trimoxazole, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Bactrim, woti amwe kwa masiku 10. Mankhwalawa amachedwetsa chiwindi kuphwanya warfarin, motero warfarin amachuluka m'thupi ngakhale munthu akumwa mlingo wake wa masiku onse, ndipo vutoli limakula ngati wodwalayo sakudya mokwanira. A kuchipatala anadziwa zimenezi, ndipo m'kalata yotulutsira wodwala analembamo momveka bwino kuti INR iyezedwe pasanathe masiku atatu, komanso kuti mayiwa afooka ndipo akufunika anthu awiri powadzutsa pampando. Kalatayo inali m'chikwama cha zovala. Mwana wawo anaika chikwamacho m'kabati poganiza kuti kalata ina yatumizidwa kwa ife, kenaka anaimbira foni ku ofesi kuti mayi ake abwerako, ndipo wokonza ndandanda ya ntchito anabwezeretsa maulendo onse monga analili kale. Sabata yomweyo wosamalira wa miyezi 14 uja anasiya ntchito.

Masiku 11 monga akuonekera m'buku la pakhomo

Pakhomo lililonse timasiya buku limene wosamalira amalembamo nthawi imene wafika, nthawi imene wachoka ndi zimene wachita. Pandandanda panali maulendo 31 kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lolemba la sabata yachiwiri. Anachitika ndi 30, ndipo anawayenda osamalira 9 osiyanasiyana, ambiri a iwo asanawaonepo mayiwa n'kale lonse. Tsiku lachinayi wina analemba kuti, “Magazi pang'ono pa mswachi.” Tsiku lachisanu ndi chimodzi wina analemba kuti, “Ndawadzutsa ndekha movutikira, miyendo sikulimba.” Mawa lake winanso analemba kuti, “M'munsi mwa msana pada, ndapaka mafuta.” Tsiku lachisanu ndi chinayi panali mawu akuti, “Mikwingwirima pamkono, iwo akuti sanagwe.” M'malo angapo munalembedwa kuti chakudya asiya theka.

Mizere imeneyi ikawerengedwa motsatizana, namwino aliyense angaone m'mphindi imodzi kuti munthuyu magazi ake sakuundana, kuti mphamvu zikutha, ndiponso kuti chilonda chayamba pansi pa khungu. Koma mzere uliwonse unalembedwa ndi dzanja lina, ndipo palibe amene anatembenuza tsamba kuti aone zimene mnzake analemba dzulo lake. Ife a ku ofesi bukulo tinkalitenga kumapeto kwa mwezi. Mwana wa mayiwa anaiona mikwingwirimayo Loweruka lachiwiri, ndipo Lamulungu anaimba pa nambala yathu ya nthawi imene ofesi yatsekedwa, koma popeza anayamba ndi kudandaula za kuchuluka kwa anthu achilendo olowa m'nyumba, wolandira foniyo analemba uthengawo ngati dandaulo wamba loyembekezera bwana, mawu a mikwingwirima ali kumapeto.

Lolemba masana wosamalira wa madzulo anadwala ndipo anadziwitsa ofesi nthawi yabwino. Anali ndi makomo 7 oti ayende. Wokonza ndandanda, amene tsiku limenelo anali yekha pa ntchito ya anthu awiri, anagawira makomowo osamalira ena awiri kudzera m'mauthenga a pafoni, ndipo uthenga woyamba unali ndi makomo atatu, wachiwiri makomo atatu. Khomo lachisanu ndi chiwiri linatsala. Osamalira awiriwo anayenda makomo onse amene anapatsidwa n'kupita kwawo mitima ili m'malo, ofesi inatsekedwa 5 koloko, ndipo panalibe munthu kapena makina oyembekezera kumva kuti mayiwa agonekedwa.

Iwo anali pampando pabalaza kuyambira masana, foni yawo ili patebulo la kuchipinda. Malinga ndi mmene anatifotokozera pambuyo pake, anadikira mpaka cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo mkodzo utawapana anadzikoka n'kugwira chogwirira chija, nayenda mpaka pakhomo la chimbudzi, pomwe mwendo wakumanzere unawagonjera. Anakhala pamenepo maola oposa 10.

Amene anawapeza 7:30 m'mawa anali mtsikana amene anali mu sabata yake yachitatu pa ntchito. Atagogoda osayankhidwa anatsegula ndi kiyi, ndipo atamva kubuula anathamangira komweko n'kunena kuti, “Agogo, musadzuke, ndabwera, khalani momwemo.” Sanayese kuwanyamula. Anawafunditsa bulangete, anaimbira ambulansi, ndipo ali pafoni anatsegula bokosi la mankhwala n'kuwerengera a ambulansi mayina onse, kuphatikizapo warfarin, chinthu chimene chinachititsa kuti kuchipatala awaone msanga. Kenaka anandiimbira ine. Ndinafika akuwakweza m'galimoto, milomo itauma, dzanja limene ndinagwira lili zii ngati chitsulo. Atapita ndinaona buku lija patebulo, ndipo ndinaliwerenga chiimirire kuchokera Lachisanu loyamba lija.

Kuchipatala anapeza kuti thupi lawo lazizira kufika pa madigiri 34.6, INR ili pa 7.2, ndipo magazi ambiri atayikira mkati mwa ntchafu yakumanzere moti anawapatsa vitamini K, amene amachepetsa mphamvu ya warfarin, ndi kuwaika magazi. Sikani ya mutu inasonyeza kuti mu ubongo simunatayikire magazi, ndipo fupa silinathyoke, zinthu ziwiri zimene ndimaziona ngati mwayi chabe. Impso zinavulala chifukwa cha kuchepa kwa madzi m'thupi komanso chifukwa minofu ikapanikizika pansi polimba kwa maola ambiri imawonongeka n'kutulutsa m'magazi zinthu zimene zimatseka impso. M'munsi mwa msana muja munatseguka chilonda chimene patapita masiku ochepa chinaoneka kuti ndi cha gawo lachitatu, kutanthauza kuti chadutsa khungu lonse mpaka pa mafuta a pansi pake. Anakhala m'chipatala masiku 24. Kuyenda sanayambirenso.

Zimene tinapeza pofufuza

Pamsonkhano woyamba maganizo a ambiri anali oti wokonza ndandanda alandire chilango ndipo nkhani ithere pomwepo, popeza iye ndiye anasiya khomo limodzi. Ine ndinakana, ndipo sikuti ndinkamumvera chisoni chabe. Munthu wogawa makomo pafoni ali yekha, mafoni ena akulira, adzalakwitsa tsiku lina ndithu, ndipo funso loyenera linali lakuti n'chifukwa chiyani kulakwitsa kwa 1 koloko masana kunakhala kosaoneka mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira. M'chipatala wodwala akapanda kupatsidwa mankhwala, namwino wa shifiti ina, dokotala kapena wodwala wa pabedi loyandikana amaona. M'chisamaliro cha pakhomo ntchito yonse imachitika chitseko chili chotseka, wosamalira ali yekha ndi munthu amene nthawi zambiri sangathe kudzinenera, ndipo ulendo umene sunachitike susiya chizindikiro chilichonse pokhapokha ngati bungwe linakonzeratu njira yoti chizindikirocho chizioneka. Ife njirayo tinalibe.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi. M'buku ulendo uliwonse wa madzulo unalembedwa kuti unatenga mphindi 30, ndendende monga ndandanda inkanenera. Koma ndandandayo inaika makomo 7 pakati pa 5 koloko ndi 8:30, zomwe ndi mphindi 210, osasiya ngakhale mphindi imodzi yoyendera kuchoka khomo lina kupita lina. Ndinayenda njirayo ndekha nthawi yomweyo ya madzulo, wotchi ili m'manja, ndipo kuyenda kokha kunanditengera mphindi 95. Zotsala ndi 115, ndipo zikagawidwa pa makomo 7 khomo lililonse limapeza mphindi 16 zokha. M'mphindi 16 munthu angathe kupereka piritsi, kuthandiza gogo kuchimbudzi ndi kumugoneka, ngati zonse zayenda bwino. Kuvula gogoyo n'kuyang'ana msana wake pa kuwala kokwanira sangathe, kuwerenga masamba atatu a m'mbuyo sangathenso, ndipo akapeza kuti akufunika mnzake womuthandiza kunyamula, amanyamula yekha chifukwa makomo ena akudikira. Nditawafunsa osamalira chifukwa chimene ankalembera 30, mmodzi anandiyankha mosabisa kuti, “Anesi, tikalemba 15 mumatiitana ku ofesi, tikalemba 30 palibe amene amafunsa.” Ankanena zoona, ndipo woitanayo ndinali ine. Pounika mabuku kumapeto kwa mwezi ndinkayang'ana ngati mipata yonse yadzazidwa ndiponso ngati nthawi zikugwirizana ndi ndandanda, motero kuunika kwangako kunkaphunzitsa anthu kulemba zimene ndinkafuna kuona.

Vutoli si lathu lokha, ndipo amene analemba miyezo ya ntchitoyi m'mayiko ena analiona kale. Ku England, bungwe la NICE, limene limalemba miyezo ya ntchito za umoyo ndi chisamaliro, linatulutsa malangizo a chisamaliro cha okalamba pakhomo m'chaka cha 2015, ndipo amanena kuti ulendo wochepera mphindi 30 uzichitika pokhapokha ngati wosamalirayo ndi wodziwika kwa munthuyo, ulendowo ndi mbali ya chithandizo chokulirapo, ndipo nthawiyo ndi yokwanira ntchito imene waendera. Amanenanso kuti pazikhala nthawi yokwanira yoyendera pakati pa makomo, kuti munthu azisamaliridwa ndi anthu omwewomwewo momwe zingathekere, ndiponso kuti pazikhala dongosolo lokonzeratu la zochita ulendo ukachedwa kapena ukalephereka, makamaka kwa okalamba okhala okha. Pa mfundo zonsezi ife tinalephera, ngakhale kuti m'mapepala athu a ndondomeko munali mawu ofanana nazo. Ndondomeko yathu inkati dongosolo la chisamaliro liziunikidwanso “zosowa za munthu zikasintha”, koma sinatchule amene ayenera kuona kuti zasintha, ndipo kutuluka m'chipatala sikunalembedwe ngati chifukwa choti namwino apite.

Pa za kuyang'anira, malangizo omwewo amati wosamalira aliyense azionedwa akugwira ntchito kosachepera kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Ku United States, malamulo a boma okhudza mabungwe olipidwa ndi Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo yothandiza makamaka okalamba, amafuna kuti wosamalira wa pakhomo aphunzire maola osachepera 75, mwa iwo 16 akugwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo ngati wodwala akulandiranso chithandizo cha namwino kapena katswiri wina, ntchito ya wosamalirayo iziunikidwa pasanathe masiku 14 aliwonse. Ine pakhomo la mayiwa ndinali nditapitako komaliza miyezi inayi m'mbuyomo. Chifukwa chake chinali chakuti kunali wosamalira wodalirika ndipo kunalibe madandaulo, motero ndinkaika mtima pa makomo amene ankavuta. Ndikuona tsopano kuti chitetezo chonse cha khomo limenelo chinali pa munthu mmodzi, ndipo atachoka iye sindinasinthe mmene ndinkaonera khomolo.

Pa maphunziro tinapeza mipata iwiri yeniyeni. Woyamba ndi wa khungu. Osamalira athu anaphunzitsidwa kuti chilonda chobwera chifukwa chokhala malo amodzi chimayamba ndi kufiira kumene sikuchoka ukasindikiza ndi chala, ndipo fomu yathu inkafunsa kuti, “Kodi pali pofiira?” Pa khungu lakuda ngati la mayiwa kufiirako nthawi zambiri sikuoneka. Malowo amada kuposa pozungulira, kapena amaoneka ngati a pepo, amatentha kapena kuzizira mosiyana ndi pena, amalimba kapena kufewa, ndipo amapweteka, choncho dzanja limauza munthu zambiri kuposa diso. Wosamalira amene analemba kuti “pada” anaona chinthu choyenera, koma zimene anaphunzira sizinamuuze kuti chimenecho ndicho chizindikiro. Tilinso ndi sikelo ya Braden, imene inatuluka m'chaka cha 1987, yoyeza kuopsa kwa zilondazi poona zinthu 6: kumva kwa khungu, chinyezi, kuyendayenda, kutha kudzisuntha, kadyedwe, ndi kukhuzika kwa khungu pokokedwa. Malikisi ake amayambira pa 6 kufika pa 23, ndipo kuyambira 18 kutsika munthu amakhala pachiopsezo. Mayiwa ndinawapatsa 19 pa ulendo wanga womaliza. Titawerengetsa mobwerera m'mbuyo pogwiritsa ntchito kalata ya kuchipatala, tsiku limene anatuluka anali pa 13, ndipo nambala imeneyo ikanafuna khushoni yapadera pampando ndi kuwasuntha pafupipafupi, osati kuwasiya pampando kuyambira masana mpaka madzulo.

Mpata wachiwiri ndi wa mankhwala. Sindikhulupirira kuti wosamalira ayenera kudziwa mmene co-trimoxazole amagwirira ntchito m'chiwindi, chifukwa umenewo ndi udindo wa namwino, dokotala ndi wa ku famase. Koma munthu amene akupereka warfarin ndi dzanja lake madzulo aliwonse ayenera kudziwa kuti magazi a m'nkhama, mikwingwirima yopanda chifukwa, kamfuno, mkodzo wa magazi ndi chimbudzi chakuda ndi zinthu zoimbira foni nthawi yomweyo, komanso kuti mankhwala atsopano alionse m'bokosi ayenera kunenedwa kwa namwino tsiku lomwelo. Osamalira 9 onsewo anaona paketi yatsopano, ndipo aliyense anaganiza kuti a ku ofesi akudziwa.

Panatsala funso la chimene chinachotsa wosamalira wakale uja, ndipo ndinamuimbira foni kumufunsa. Anati ankalipidwa mphindi zokhazo zimene ali m'nyumba ya wodwala, nthawi ya pamsewu osawerengedwa, moti tsiku la maola 11 limamupatsa malipiro a maola 7, ndipo atapeza ntchito ya maola okhazikika sakanaikana. Anandifunsa za agogo, ndipo nditamuuza anakhala chete nthawi yaitali. Nkhani ya malipiro ambiri amaiona ngati ya ku ofesi ya zachuma, koma m'nkhani ino ndi imene inabweretsa nkhope 9 zachilendo pakhomo la munthu wongotuluka kumene m'chipatala.

Kukambirana ndi banja

Tinakumana ndi mwana wa mayiwa patapita masiku atatu, kafukufuku asanathe, chifukwa sikunali koyenera kuti adikire lipoti kuti amve zimene tinkadziwa kale. Ndinamuuza kuti ulendo wa Lolemba madzulo sunachitike, kuti cholakwacho ndi chathu, kuti zizindikiro zinalembedwa m'buku ndipo sitinaziwerenge, ndiponso kuti foni yake ya Lamulungu sinafike kwa namwino. Ndinapepesa. Iye anamvetsera osandidula mawu, kenaka anafunsa kuti, “Anamwino, usiku umenewo ndani ankadziwa kuti amayi sanagonekedwe?” Ndinayankha kuti panalibe. Anadziimbanso mlandu chifukwa cha kalata ya m'chikwama, ndipo ndinamuuza, monga ndikulembera pano, kuti kufunsa za kalata yotulutsira wodwala ndi ntchito ya bungwe losamalira, osati ya mwana wotopa amene wangofika ndi mayi ake kuchokera kuchipatala. Nkhaniyi tinainenanso kwa akuluakulu oyang'anira ntchito za chisamaliro monga lamulo limafunira pa ngozi yotere.

Zimene zasintha ndi zimene zidakalipo

Tsopano munthu akatuluka m'chipatala maulendo amayambiranso tsiku lomwelo, koma namwino ayenera kufika pasanathe maola 24, ngakhale pa Loweruka, kuti aone kalata ndi maso ake, ayerekeze mankhwala a m'bokosi ndi a pakalata, ayang'ane khungu, ayezenso sikelo ya Braden, ndipo aone mmene munthuyo akudzukira pampando. Wosamalira aliyense amatumiza chizindikiro pafoni akafika ndi pochoka, ndipo ngati mphindi 30 zadutsa chizindikiro chisanafike pakhomo la munthu wokhala yekha, foni ya woyang'anira wa usiku imalira mpaka wina atayankha. Makomo a wosamalira amene wadwala sagawidwanso pamauthenga, ndipo munthu wachiwiri amawerenga kuti chiwerengero chakwana. Pachikuto cha buku la munthu aliyense womwa mankhwala oletsa magazi kuundana pali khadi la zizindikiro zija ndi nambala ya namwino, ndipo funso la pafomu ya khungu linasinthidwa. Pounika mabuku sindiwerenganso mipata. Ndimatenga masiku 7 otsatizana n'kuwawerenga ngati nkhani ya munthu mmodzi, ndipo wosamalira amene walemba kuti wakhala mphindi 15 sakuitanidwanso kudzayankha mlandu.

Za zizindikiro za pafoni ndiyenera kuchenjeza. Ku United States lamulo la 21st Century Cures Act la 2016 linalamula kuti maulendo a chisamaliro cholipidwa ndi Medicaid, ndondomeko ya boma yolipirira chithandizo cha anthu opeza zochepa, azitsimikizidwa pa makina, posonyeza wosamalira, wosamaliridwa, mtundu wa chithandizo, tsiku, malo, ndi nthawi yoyamba ndi yomaliza. Makina otere akanatiuza cha m'ma 7 koloko madzulo kuti pakhomo la mayiwa sipanafike munthu, ndipo mwina sakanagwa. Koma za maulendo 30 amene anachitika aja makinawo akanangonena kuti munthu anafika, osanena ngati anayang'ana msana kapena ngati anaona magazi pa mswachi. Pa zimenezo pamafunikabe namwino wolowa m'nyumba, nthawi zina mosadziwitsa, n'kuima pambali wosamalira akugwira ntchito.

Chovuta kwambiri chinali nthawi ya pamsewu. Titaiika m'ndandanda ndi kuyamba kuilipira, njira ya madzulo imene inkatenga makomo 7 inayamba kutenga 5 okha, ndipo popeza osamalira sanachuluke, bungwe linasiya kulandira anthu atsopano kwa miyezi ingapo. Akuluakulu ena anatsutsa ponena kuti anthu amene tikuwakanawo akukhala opanda chithandizo chilichonse, chimene n'choipa kuposa ulendo wa mphindi 16. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindinaigonjetse kwathunthu. Chimene ndinaumirira n'chakuti ngati tingathe kupereka mphindi 16 zokha, tizinena choncho kwa banja ndi kwa olipira kuti akonze zotsalazo, m'malo molemba 30 papepala n'kusiya aliyense akukhulupirira kuti msana wa mayi ake ukuyang'anidwa. Mkanganowu umabweranso nthawi iliyonse imene osamalira achepa.

Bungwe la World Health Organization limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri a iwo ndi opitirira zaka 60. Mayiwa sali m'chiwerengero chimenecho, koma moyo wawo unasintha. Anabwerera kunyumba kwawo monga anafunira, ndipo tsopano ali ndi maulendo anayi patsiku, osamalira awiri ulendo uliwonse, osankhidwa m'kagulu ka anthu 5 okhaokha, ndi makina owanyamulira kuchoka pabedi kupita pampando. Chilonda chinatenga miyezi inayi kuti chitsekeke, ndipo impso zinabwerera pang'ono, osafika pomwe zinali. Dokotala wawo anaunikanso mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo INR ikuyezedwa pafupipafupi kuposa kale.

Pakati pa 9 koloko usiku ndi 7:30 m'mawa amakhalabe okha. Tinawapatsa kabatani kovala m'khosi koitanira thandizo, koma kawiri ndakapeza katapachikidwa pa msomali, iwo akuti kamawayabwa. Mwana wawo akufuna kuti asamukire kumalo osamalirako okalamba kumene kumakhala anthu usiku wonse, pamene iwo akukana, ndipo titawaunika tinapeza kuti akumvetsa bwino kuopsa kwake, motero chosankhacho n'chawo. Talemba zimenezi m'dongosolo lawo, tasintha chingwe cha kabatanika n'kuika chansalu yofewa, ndipo wosamalira wa usiku asanatseke chitseko amaonetsetsa kuti kali m'khosi ndipo foni ili pamene dzanja lamanja lingafike. Tidzakhalanso pansi ndi onse awiri mwezi wamawa.